Kodi Tsobola Wakale Saŵaŵadi?

Sabata yatha tinakambirana za nthaŵi yovuta ija pamene mwana wofika Fomu 3 ayenera kusankha maphunziro amene adzalembere mayeso a MSCE. Lero ndifuna kuimirira phunziro limodzi limene ambiri amalitaya msanga, phunziro la mbiri yakale.

Chaka chatha mtsikana wina wanzeru ndithu m'kalasi langa anandiuza kuti asiya phunziroli. Nditamufunsa chifukwa, anati, “Aphunzitsi, bambo akuti tsobola wakale saŵaŵa. Akuti za anthu akufa sizipatsa ntchito.” Sindinamukalipire, pakuti mawu a bambo akewo ali ndi polemera pake. Makolo amalipira fizi movutikira, ndipo dziko lifunadi madokotala, alangizi a zaulimi ndi amisiri. Komabe ndikhulupirira kuti bamboyo analakwa, ndipo cholakwacho tinachiyamba ndife aphunzitsi.

Ambirife timaphunzitsa mbiri yakale ngati mndandanda wa zaka. Timalemba pabolodi kuti Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, kuti David Livingstone anafika kunyanja m'chaka cha 1859, kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 nichitha mu 1963. Ana amaloŵeza, nalemba mayeso, naiŵala. Ngati mbiri yakale ili yokhayi, bamboyo sananame.

Koma mtima wa phunziroli uli pa kufunsa mboni. Tiyeni titenge nkhani ya John Chilembwe. Mwana aliyense adziŵa kuti anaukira boma la atsamunda pa 23 January 1915. Wophunzira weniweni safika pomwepo nkuima. Amafunsa kuti nchiyani chinachititsa mbusa amene anamanga mishoni ku Mbombwe m'chaka cha 1900 kutenga zida. Pofufuza apeza thangata la m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, apeza matchalitchi ake otenthedwa m'mindamo, apezanso kalata imene iye analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni ake. Kenaka aona kuti munthu yemweyo amene boma la nthaŵi imeneyo linamutcha chigaŵenga, lero nkhope yake ili pa ndalama zathu. Pamenepo mwana ayamba kufunsa kuti walemba nkhaniyi ndani, anaima mbali iti, ndipo wasiya chiyani.

Luso limeneli lili ndi ntchito tsiku ndi tsiku. Woweruza milandu amalifuna, mtolankhani amalifuna, ndipo mfumu imene ikugamula mkangano wa malire a munda singathe popanda kuyesa mawu a mboni zotsutsana. Ngakhale mwana amene sadzapita ku yunivesite adzalandira mphekesera pa lamya yake ya m'manja, adzamva andale akulonjeza, ndipo adzaponya voti. Amene anazoloŵera kufunsa gwero la nkhani sanyengeka msanga. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachiŵiri chimene chimandidetsa nkhaŵa ndi ichi: mbiri yathu yambiri siili m'mabuku, ili m'mitu ya agogo, ndipo agogowo akutha. Amene anaona njala ya 1949 ndi maso awo tsopano apitirira zaka 80. Megan Vaughan polemba buku lake lonena za njalayi anatchera khutu ngakhale ku nyimbo zimene amayi ankaimba posinja pamtondo. Ngati mlendo anaona phindu m'nyimbo za pamtondo, nanga ife eni ake tizinyozeranji?

Ine ndemwe ndinali khanda pa 14 June 1993, tsiku limene Amalaŵi anasankha pakati pa tambala ndi nyali. Tsono ndinatuma ana anga a Fomu 2 kuti pa tchuthi akafunse akuluakulu kwawo za tsikulo. Anabwera ndi nkhani zosiyana. Wina anamva za chimwemwe, wina za mantha, winanso anauzidwa ndi agogo ake kuti iwo anavotera tambala ndipo sachita nazo manyazi. M'kalasimo munabuka mtsutso woopsa, ndipo tinatha maola aŵiri tikuyesa kuti mboni iliyonse inali kuti, inaona chiyani, inangomva chiyani. Mtsikana uja ndiye anatsogolera mtsutsowo. Pamapeto pake anasiyabe phunziroli pomvera bambo ake, ndipo mpaka lero zimandiŵaŵa.

Nchifukwa chake ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti tichepetse kulembetsa manotsi. Amene muli pafupi ndi Dedza, pitani ndi ana ku mapanga a Chongoni akaone zojambula za makolo, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake mu 2006. Amene muli ku Nkhotakota, afunseni ana za Jumbe ndi malonda a akapolo. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pansi ndi agogo anu mwezi uno usanathe, muwafunse kumene mtundu wanu unachokera, ndipo mulembe zimene akuuzeni pamodzi ndi tsiku limene anena.

Sabata yamaŵa tidzaona mmene mphunzitsi angakonzere ntchito yotereyi ngakhale pasukulu popanda laibulale.