Nyanja imodzi, maina atatu

Inu amayi a usipa mu msika wa Limbe, ndi inu achimwene okaoda zitenje ku Kyela, tamverani kuno. Kodi mudaonapo kuti mukangowoloka mlatho wa Songwe nyanja yathu ija imasintha dzina? Kuno ndi Lake Malawi, kwa a Taifa ndi Ziwa Nyasa, ku Mozambique ndi Lago Niassa, mpaka chigawo chonse cha ku Lichinga nacho nkutchedwa Niassa. Madzi omwewo, usipa womwewo.

Chondiseketsa ine nchakuti nyasa silidali dzina ayi. M'Chiyao nyasa ndi madzi aakulu, chomwe ife timati nyanja basi. David Livingstone atafika m'chaka cha 1859 adamva anthu akuti nyasa, mkuluyu nkulemba Lake Nyassa, kutanthauza kuti "Nyanja Nyanja". Zili ngati kasitomala wofunsa mtundu wa nsomba, inu nkumuyankha kuti "nsomba", iye nkumapita akumwetulira eti! Atsamunda nawo osafunsanso, pofika 1907 dziko lonse nkukhala Nyasaland. Nchifukwa chake agogo athu omwe adatchona ku Halale ankanenedwa kuti Manyasarande.

Liwu la nyanja lidayenda kutali zedi. Nyanza ya ku Kisumu, ku Kenya, ndi mbale wake. Chilankhulo chomwe mukuwerengachi chidali Chinyanja mpaka 1968 pomwe a Kamuzu adati chikhale Chichewa. Ku Zambia akuti Chinyanja mpaka lero.

Tsono apa ndi pomwe pali nkhani. Pangano la Britain ndi Germany la 1890 lidaika malire m'mbali mwa gombe la ku Tanzania, ndiye kuti madzi onse a kumpoto ndi athu. A Taifa amakana, akuti malire adutse pakati ngati momwe zilili ndi Mozambique kuyambira 1954. Boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo mu 2011, mkangano udabuka chaka chotsatira, asodzi a ku Karonga mitima ili m'mwamba.

Kwa ine, kutcha nyanjayi kuti Malawi kudali kudinda chidindo pa katundu, monga mumalembera dzina pa thumba la kaunjika lisanakwere basi. A Taifa amadziwa zimenezi bwino lomwe. Ndiye mukamva wogulitsa wa ku Mbeya akuumirira kuti Ziwa Nyasa, musayese nChiswahili chabe. Akukuuzani mwaulemu kuti theka la usipa wa kumpoto uja ndi wake.