ZOCEZA ZA M'KOMBONI: Mau a Cijeremani Amene Apusitsa Angerezi



Ambiri a inu mukumbukira masiku oyamba kufika ku Joni. Mnyanja amva Mzulu alikupfuula kuti "Imoto! Imoto!" ndipo iye ayang'ana uku ndi uku kufuna-funa utsi, osadziwa kuti mnzaceyo alikunena galimoto imene irikudza kumbuyo kwace. Kwathu moto ndi wophikira nsima, koma moto wathuwo Azulu auchula umlilo. Anatiseka kwambiri pa masiku amenewo. Tsono lero tiyeni nafenso tisekeko pang'ono, pakuti Azungu okha-okha apusitsananso cimodzi-modzi, maka-maka Mngerezi akapita ku dziko la Ajeremani.

Cimene ciwasokoneza ndi cibale. Cingerezi ndi Cijeremani ziri ngati ana a mimba imodzi, cifukwa makolo a Angerezi, ndiwo Angles ndi Saxons, anaoloka nyanja kucokera ku mpoto kwa Germany ndi ku Denmark m'zaka za m'ma 400. Mpaka lero dzanja onse alemba "hand," cala "finger," golide "gold." Mngerezi akaona zimenezi mtima ukhala pansi, nayesa kuti mau onse atero. Apa ndipo pali mbuna.

MPHATSO YOSALANDIRIKA

Tiyambe ndi liu lakuti "Gift." Kwa Mngerezi ndi mphatso, cinthu colandira ndi manja awiri. Kwa Mjeremani ndi poizoni. Taganizani mlendo waona botolo pa shelefu lolembedwa GIFT ndi zilembo zazikuru, iye nakondwera kuti eni nyumba amkonzera zabwino! Inu amene mumvako Cibunu simungagwe m'msampha umenewu, cifukwa Mabunu nawo poizoni amuchula "gif." Mphatso yeni-yeni Ajeremani ati "Geschenk," Mabunu "geskenk."

Nanga zinatani kuti liu limodzi ligawike cotere? Kale-kale kwa onse linali kunena cinthu copatsidwa, pakuti muzu wace ndi "kupatsa." Koma Ajeremani anayamba kuligwiritsa pochula muyeso wa mankhwala amene sing'anga apatsa wodwala, ndiponso pozembaitsa mankhwala akupha, monga ife tinena kuti "anamdyetsa" osachula cimene anamdyetsaco. Pang'ono-pang'ono tanthauzo labwino linafa, loipa linatsala. Lakalelo likali moyo m'liu lakuti "Mitgift," ndico cuma cimene mkwatibwi apita naco ku ukwati kucokera kwa makolo ace.

NYUMBA YA MAKOSWE

Pakati pa tauni ya ku Germany pamakhala nyumba yaikuru yokongola, kawiri-kawiri yokhala ndi nsanja ndi koloko, dzina lace "Rathaus." Mngerezi awerenga "rat house," nadabwa kuti anthu awa amangira makoswe nyumba yotere. Koma "Rat" ndi uphungu kapena bwalo la aphungu, ndipo m'nyumbamo ndimo akhala akuru oyendetsa tauni. Kaya mwa iwo mulibe makoswe odya za m'nkhokwe, zimenezo aweruze ndi eni ace okhoma msonkho.

Alipo enanso ambiri. Matauni ena maina ao ayamba ndi "Bad," monga Bad Homburg, ndipo Mngerezi ayesa kuti ndi malo oipa, pamene "Bad" ndi kosambira; kumeneko anthu apita kukasamba madzi a m'akasupe ofuna kuciza matupi ao. "Hell" kwa Mngerezi ndi ku Gehena, kwa Mjeremani ndi kuwala. "Kind" si munthu wacifundo ai, koma mwana. "Chef" si wophika, koma bwana wa pa nchito. "Mist" kwa Mngerezi ndi nkhungu ya m'mawa, koma kwa Mjeremani ndi ndowe za m'khola.

Loseketsa koposa ndi "Fahrt." Tanthauzo lace ndi ulendo, koma m'makutu a Mngerezi limveka ngati liu lao la kuphwisa, mundikhululukire akuru-akuru. Mjeremani potsazika mlendo wace ati "Gute Fahrt," ndiye kuti muyende bwino, ndipo mlendoyo aluma mlomo kuti angaseke. M'miseu yao yaikuru, pali ponse popatukira aikapo cikwangwani colembedwa "Ausfahrt." Pali nthabwala yakuti mlendo anaona cikwangwani cimeneci kambiri-mbiri nafunsa kuti, "Kodi mzinda wa Ausfahrt ndi waukuru bwanji, kuti miseu yonse ipita komweko?" Amigodi a kumeneko ulendo wotsika ndi wokwera m'cikepe auchula "Seilfahrt," ulendo wa pa cingwe. Inu nonse muuyenda tsiku ndi tsiku.

Ajeremani naonso agwa m'mbuna yomweyo. Kwao "bekommen" ndi kulandira, pamene "become" wa Cingerezi ndi kusanduka. Nthabwala yakale iti Mjeremani anakhala m'hotela ku London, cakudya cinacedwa, ndipo pofuna kufunsa kuti alandira liti soseji yace anafunsa kuti, "Ndisanduka liti soseji?" Woperekera zakudya anayankha mwaulemu kuti, "Ndikhulupirira kuti simudzasanduka konse, bwana."

MIZIMU YA M'MGODI

Pali mau ena a Cijeremani amene Angerezi anameza osadziwa cimene ameza, ndipo anacokera m'migodi. Amigodi akale a ku mapiri a Erzgebirge, ku Saxony, ankapeza mwala wooneka ngati uli ndi siliva, koma pousungunula sunali kupereka kanthu, ungoturutsa utsi wa poizoni. Iwo anati ndi nchito ya "Kobold," kamzimu kamwano kokhala pansi pa nthaka. Ca m'ma 1735 Georg Brandt wa ku Sweden anapeza kuti m'mwalamo muli citsulo cacilendo, ndipo dzina la kamzimuko linakakamira: ndiye cobalt, amene akumbidwa kwambiri ca ku Kolwezi m'dziko la Congo. Mwala wina wooneka ngati wa mkuwa koma wosapereka mkuwa anauchula "Kupfernickel," mkuwa wa ciwanda. Mu 1751 Axel Cronstedt anaturutsamo citsulo cimene lero ticichula nickel. Mngerezi pochula maina awa ayesa alikulankhula za sayansi, osadziwa kuti alikubwereza matemberero a amigodi anzathu.

LIU LOSASEKETSA

Tsopano lekani kuseka, mundimvere bwino. Liu lakuti "Not" kwa Mngerezi ndi lokana, monga ife tinena "si" kapena "osati." Kwa Mjeremani "Not" ndi ngozi kapena tsoka ladzidzidzi. Khomo lothawira moto ukabuka alemba "Notausgang." Munthu wodziwa Cingerezi cokha, atamva kuti "Ausgang" ndi poturukira, aganiza kuti cikwangwani cirikunena kuti "si poturukira pano," nalitembenukira msana khomo lomwe likadampulumutsa. Mabunu alemba "Nooduitgang," ndipo "nood" wao ndi "Not" yemweyo.

Cimodzi-modzi pa makina. Ajeremani apanga makina ambiri amene agulidwa m'maiko onse, ndipo pa ena mupeza batani lalikuru lofiira, lokhala pa cikasu, lolembedwa "Not-Aus" kapena "Not-Halt." Limeneli ndilo loimitsira makina mwamsanga munthu akakodwa. Amene aliwerenga Cingerezi ayesa kuti liti "usaimitse," dzanja lace nilizengereza, pamene mkono wa mnzace ulikulowa m'lamba.

Cifukwa cace, abale, liu looneka ngati mulidziwa ndilo loyenera kucenjera nalo koposa. Lacilendo kweni-kweni silivuta, pakuti munthu aima nafunsa. Mukapatsidwa makina atsopano, kapena cigubu ca mankhwala colembedwa cinenero cimene simunaphunzire, musacite manyazi. Funsani kapitao akuonetseni batani loimitsira musanayambe nchito, ndipo mukadziwa muuzenso mnzanu watsopano amene wafika dzulo. Akuru anati safunsa anadya phula, ndipo pansi pa mgodi phula lace ndi lowawa zedi.

Nditsirize ndi moni wa amigodi a ku Germany, wakuti "Glück auf!" Ndiko kufunirana mwai, kuti mwala wabwino utseguke ndi kuti munthu akwerenso pamwamba ali wamoyo. Mgodi wao wotsiriza wa malasha olimba, Prosper-Haniel ku Bottrop, unatsekedwa mu December 2018, koma moniwo anthu a kumeneko sanautaye. Liu limeneli lokha Mngerezi sasokera nalo patali, pakuti "Glück" ndi "luck" ndi apacibale oona.

Tsono kwa inu nonse olowa shifiti ya m'mawa ndi ya usiku nditi, Glück auf. Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.