Khoka silisankhidwa lili m'madzi

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ku Salima sitivutika kumva fanizo la khoka la pa Mateyu 13:47-50. Taonapo ku Senga Bay anthu akukoka zingwe mbandakucha mpaka manja kuchita matuza. Khoka likafika pamchenga mumatuluka zonse: chambo, utaka, kampango, mlamba, ngakhale zinyalala. Palibe msodzi amene amadumphira m'madzi kukasankha nsomba khoka lisanafike kumtunda.

Vuto lathu ife a Adventist lili apa. Kuyambira tili ana ku Sabata Sukulu tinaphunzira Levitiko 11, kuti nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa, n'chifukwa chake mlamba ndi kampango sizilowa mumphika mwathu. Zimenezo sitikutsutsa. Koma diso lozolowera kusankha nsomba layamba kusankhanso anthu. Mnyamata amene amachezera panyanja kupha usipa akalowa m'tchalitchi fungo lisanathe, timasendera kutali. Mtsikana amene anatenga pakati ali pasukulu, mumtima tinamutaya kale.

Komatu m'fanizolo osankha ndi angelo, ndipo nthawi yake ndi pamapeto a dziko. Ifeyo tikadali m'khoka momwemo, kuphiriphitha limodzi ndi anzathuwo.

Petro, msodzi ngati amalume athu, ataona masomphenya a nyama zodetsedwa ku Yopa anazindikira kuti Mulungu akunena za anthu, napita kukalowa m'nyumba ya Korneliyo ku Kaisareya. Machitidwe 10 timaidziwa bwino tikamatsutsana ndi anzathu a mipingo ina za nyama ya nkhumba. Kwawo kwa mtsikana uja sitinapondeko.