Ambulasi isanafike, tili ndi ndani? Zimene Ntauchira inatiphunzitsa

Mitambo ikangoyamba kuda cha ku phiri la Chiradzulu, magulupu a WhatsApp amadzaza ndi mauthenga a zanyengo. Wina aponya chithunzi cha namondwe, wina ayankha kuti "Mulungu atithandize", basi nkhani yathera pomwepo. Koma funso limene sitidzifunsa ndi ili: zinthu zikavutadi, msewu utaduka, foni ilibe netiweki, mnzako ali gone magazi ali chuchuchu, iweyo ungatani?

Funsoli si longopeka. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza m'chigawo chakummwera. Kwa Ntauchira, m'dera la T/A Likoswe, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchoka m'phiri n'kukokolola mudzi. Dziko lonse, anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, oposa 500 anasowa, oposa 2,000 anavulala, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Pa 13 Malichi boma linalengeza kuti kummwera kwagwa ngozi yadzidzidzi.

Asilikali, a Red Cross ndi azachipatala anagwira ntchito yaikulu, palibe angatsutse. Koma pa ngozi yotere, maola oyambirira amakhala m'manja mwa amene ali pafupi: achibale, aneba, anyamata a m'mudzi okhala ndi makasu. Milatho ikakokoloka, chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena cha St Joseph's ku Nguludi chimasanduka kutali ngati Lilongwe. Ndipo munthu amene mtsempha waukulu waduka akhoza kutha m'mphindi zochepa chabe. Sangadikire mawa.

Ndiye onani mndandandawu: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malichi 2025. Izi sizilinso zadzidzidzi, abale. Zasanduka kalendala. Pa machenjezo tapitako patsogolo, chifukwa uthenga wa azanyengo tsopano umafika pafoni ndi pawailesi kusanagwe kanthu. Freddy atangodutsa, aphungu anavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023. Makomiti oona za ngozi m'midzi aliponso. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi luso la m'manja, loti munthu wamba adziwe chochita ndi thupi la mnzake wovulala.

Vuto lake si kusowa mtima wothandiza. Mtima tili nawo wochuluka, mwina mpaka kupyola. Pitani pa ngozi ya kabaza pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi mumsewu wa Zomba muone. Ena anyamula wovulala wina mwendo wina mkono, ena akumuthira madzi kukamwa ali chikomokere, enanso ali kalikiliki kujambula kuti aponye pa Facebook. Munthu wothyoka msana akanyamulidwa choncho akhoza kupuwala moyo wake wonse, osati chifukwa cha ngozi ija koma chifukwa cha "thandizo" lathu.

Zofunika kudziwa si zambiri, ndipo sizifuna digiri. Choyamba, dzitetezeni: phiri likagumuka kamodzi likhoza kugumukanso, ndipo madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu. Magazi akamatuluka, panani pabala mwamphamvu ndi chitenje choyera osasiya. Chikanyowa, sanjikizani china pamwamba. Osathirapo dothi, mchere kapena masamba otafuna. Munthu wakomoka koma akupuma, mchotseni matope akuoneka m'kamwa, m'goneke chammbali, osamumwetsa kalikonse. Ngati sakupuma, dinikizani pakati pa chifuwa maulendo 30, mpumireni m'kamwa kawiri, n'kumabwereza mofulumira. Fupa lothyoka osaliwongola. Limangeni pa nsungwi kapena katoni momwe lilili. Mukakayikira khosi kapena msana, osamusuntha pokhapokha pamalopo pali poopsa, ndipo munyamuleni pa chitseko wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Pamene papsa, thiranipo madzi ozizira kwa mphindi 20, osati Colgate kapena dzira. Njoka ikaluma, osatema, osayamwa, osamanga chingwe molimba; munthuyo asayendeyende, thamangirani naye kuchipatala.

Tisaiwalenso kuti madzi akaphwa kumabwera kutsegula m'mimba. Freddy anatipeza tili kale pakati pa kolera imene inapha anthu oposa 1,700. Ngati Thanzi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Mwana amwe pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala.

Koma tisanamizane: kuwerenga izi pafoni sikuphunzira. Kudinikiza chifuwa kumafuna kuyeserera pa chidole pamaso pa mphunzitsi, kangapo, mpaka manja azolowere. Apa ndi pamene khonsolo, mafumu ndi mabungwe akuyenera kusintha kachitidwe. Maphunziro a m'holo, a anthu ochepa osankhidwa, okhala ndi alawansi ndi fanta, sangafikire boma lonse. Apite kumene kuli anthu ofika msanga pa ngozi. A kabaza ndiwo ambulasi yeniyeni ya kumudzi, bwanji siteji iliyonse isakhale ndi anyamata awiri ophunzitsidwa? Chimodzimodzi masukulu a sekondale, matimu a mpira, makwaya, achinyamata a kumzikiti, magulu a banki m'khonde. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa kale thandizo loyamba, ndipo alangizi a zaumoyo ali m'midzi mwathu momwemu. Chosowa n'choti ifeyo tipemphe ngati gulu, osadikira kuitanidwa.

Ena anena kuti bandeji singaimitse phiri. N'zoona. Amene amanga m'munsi mwa mapiri ometedwa mpala akuyenera kuthandizidwa kusamuka, mitengo ibwerere, misewu ndi milatho zikonzedwe. Thandizo loyamba sililowa m'malo mwa zimenezi, ndiponso sililowa m'malo mwa dokotala. Limangogula nthawi. Koma nthawi yomweyo ndi imene imasiyanitsa wopita kuwodi ndi wopita kumanda.

Ndiye mvula isanafike pachimake, chitani zitatu. Sungani nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, ndi yaulere. Ikani m'jumbo chitenje chochapa, magolovesi, tochi, Thanzi, sopo ndi buku lanu la kuchipatala, makamaka inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Kenako funsani mugulupu lanu lija: "Ndani pano anaphunzirapo thandizo loyamba?" Pakangoti zii, mwadziwa pomwe muyambire. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.