Alekeni aikemo injini ya Toyota

Pakati pa ife okonda magalimoto akale pali kagulu kamene kamanditopetsa. Akatsegula boneti ya Peugeot 404 n'kupezamo injini ya Toyota, amagwira pakamwa ngati amva uthenga wa maliro. Kwa iwo galimoto yakale iyenera kubwezeretsedwa ndendende mmene inatulukira kufakitale ya ku Sochaux, mpaka kabawuti komaliza. Ine ndili ndi 404 imene ndimaikonza Loweruka lililonse, ndipo ndikuti chiphunzitso chimenechi n'cha anthu amene galimoto zawo zimagona m'galaja chaka chonse, zofunda nsalu ngati wodwala malungo.

Tiyambe ndi mafuta, poti galimoto siyendera ulemu. Injini zambiri za m'ma 1960 anazipangira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavavu kuti pasadyeke. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara petulo ameneyu anasiya kugulitsidwa pofika mu 2006. Ku Malawi kuli nkhani inanso: kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku nzimbe, petulo wathu ndi wosakaniza. Ethanol amafewetsa ndi kung'alula mapaipi a labala akalekale, amakoka chinyezi, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati. Choncho ngakhale mkulu uja wolumbira kuti yake ndi "orijino", ngati imayendadi pamsewu, anasintha mapaipi ndipo mwina anaikitsa zitsulo zolimba pokhalira mavavu. Wasintha kale. Kusiyana kwake n'kwakuti zosintha zakezo zili pobisika.

Nanga 404 inafika bwanji mpaka lero? Inatuluka mu 1960, ku France anasiya kupanga ya saluni mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991. Inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, kenako zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1966. Ndi yolimba, palibe akutsutsa. Koma zimene tikuzionabe kuno sizinapulumuke chifukwa cha buku la fakitale. Zinapulumuka m'manja mwa amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi, ndi anzawo a ku Lusaka ndi ku Tete, amene sipeya ikasowa ankasula ina, kuwotcherera, kubwereka kabureta ya galimoto ya mtundu wina mpaka injini italira. Dayinamo ikafa ankaikapo alitaneta. Lero munthu wogula galimoto yomweyo ndi ndalama zopuma nazo pantchito akutcha luso limeneli kuononga! Akanapanda "kuononga" anthu amenewa, iye akanapeza nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo, kapena galimoto yonse itapita kale pasikelo ya ogula zitsulo.

Injini ya Toyota 4Y, ija inkakoka maminibasi a Hiace, sipeya zake mungazipeze pafupifupi m'tauni iliyonse, ndipo mnyamata aliyense wa pagalaja amaidziwa ngati chikhatho chake. Mapisitoni a 404 muyenera kuitanitsa kunja, kulipira ndalama zakunja zimene n'zosowa, kudikira miyezi, kenako msonkho. Mphunzitsi amene bambo ake anamusiyira 404 asankhe chiyani? Aisunge pamiyala zaka khumi podikira kukondweretsa akatswiri a pa Facebook? Ku Havana magalimoto a ku America a m'ma 1950 ambiri amayendera injini za dizilo zochokera kwina, ndipo alendo amalipira kuti awakwere. Sindinamve wina akuti eni ake ndi achifwamba.

Pa mabuleki mpamene ndimapsa mtima zenizeni. Ma 404 oyambirira anali ndi madiramu matayala onse anayi, ndiponso njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki: paipi imodzi ikaboola, phazi limangofika pansi. Amene akufuna kutsika chitunda cha Golomoti ndi zimenezo chifukwa "ndi mmene anaipangira", atsike yekha, asanyamule ana a eni. Peugeot eni akewo pambuyo pake anaika madisiki kutsogolo. Malamba, madisiki, silinda ya mabuleki ya njira ziwiri, ndimaika popanda kupepesa kwa wina aliyense.

Malire ndili nawo, musaganize kuti ndavomera zonse. Thupi la 404 analijambula a Pininfarina, ndipo wodula denga lake kapena kudula masipuling'i kuti ikhale yokwawa ngati fulu, ine ndi iye sitimwera chikho chimodzi. Injini imachotsedwa n'kubwezeredwa, koma chitsulo chodulidwa ndi gulayinda sichimeranso. Yanga yakale ndinaithira oyilo m'masilinda, ndinaikulunga m'pulasitiki, ili pakona m'galaja. Wodzagula galimotoyi ine nditapita, ngati ali ndi ndalama za mapisitoni a ku France, adzaipeza pomwepo, pamodzi ndi mabawuti ake m'chitini cha mkaka.