Tiyi wa ku Thyolo Wabiriwira, Nanga Mayi Womuthyola?

Aliyense amene anakwerapo basi kuchoka ku Limbe, nadutsa pa Bvumbwe ndi pa Thunga kulowera ku Thyolo, adziwa kuti kumeneko maso sakhuta. Minda ya tiyi yangoti biriwiri mpaka kutsidya, yometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo lero ndifuna tiung'ambe mkuyuwo.

Masiku ano mabwana ku Lilongwe sakamba nkhani ina koma ya "chuma chobiriwira", ndiye kuti kupeza ndalama popanda kuononga nthaka, madzi ndi mitengo. Mu June 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko yakuti Malawi azilandira ndalama kuchokera kunja chifukwa cha mitengo imene imayamwa mpweya woipa. A tiyi anayamba kale ulendowu. Inu amene munabwerera kumudzi koma ana munawasiya ku London, afunseni za kachule kobiriwira kamene kamajambulidwa pa mapaketi a tiyi. Kachuleko nchizindikiro cha bungwe la Rainforest Alliance, ndipo maesiteti ambiri a tiyi m'dziko muno ali ndi chiphaso chake. Wogula akakaona amamwa tiyi wake mtima uli m'malo, poganiza kuti kumene wachokera tiyiyo mtsinje ukulemekezedwa ndipo munthu akulemekezedwanso.

Za mtsinje sinditsutsa. Za munthu, tiyeni tione.

M'chaka cha 2019 amayi ogwira ntchito m'minda ya Eastern Produce Malawi ku Thyolo ndi ku Mulanje anasumira kampani ya Camellia, mwini wake wa mindayo, ku khoti la ku London. Maloya a Leigh Day ndiwo anawaimira. Amayiwo anati ena anagwiriridwa, ena anakakamizidwa kugona ndi owayang'anira kuti ntchito isathe. Mu February 2021 kampaniyo inagwirizana ndi amayi 36 kunja kwa khoti, pa ndalama zofika mapaundi 2.3 miliyoni kuphatikizapo zolipira maloya, ndipo siinavomere kulakwa kulikonse. Inalonjezanso kuphunzitsa amayi utsogoleri ndi kukonza njira yodandaulira. Zimenezo nzabwino. Koma funso limene landisowetsa tulo ndi lakuti: bwanji mayi wa ku Makwasa anapeza khutu lomumvera kutsidya la nyanja, pamene ku Thyolo kuli polisi, khoti ndi ofesi ya zantchito?

Lamulo liripo. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati kuvutitsa munthu pofuna chiwerewere ndi mlandu, ndipo wolakwa angathe kukhala kundende zaka 5. Chimene lamulolo silinakhudze ndi muzu wa vutoli, womwe ndi ntchito ya sizoni. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira December mpaka cha mu April. Pamenepo anthu ogwira ntchito ya tiyi amakwana pafupifupi 50,000. Mvula ikatha ambiri amauzidwa kuti abwerenso chaka chamawa. Ndani adzalembedwanso? Ndani apatsidwe mzere wa masamba ambiri kuti akwanitse muyeso, womwe kwa zaka zambiri unali makilogalamu 44 patsiku? Amene ali ndi mawu pa zonsezi ndi kapitawo, ndipo akapitawo ambiri ndi amuna. Mayi wolera ana yekha, wopanda munda woti nkudalira, angamuyankhe bwanji munthu amene wagwira mphika wake m'manja? Mungathe kupachika zikwangwani zoletsa nkhanza pa fakitale iriyonse, koma malinga mpeni uli kwa kapitawo, mayi azingoti "zikomo bwana."

Ndiye pali nkhani ya nkhuni, imene akatswiri a zachilengedwe amaikamba ngati kuti amayi ndiwo adani a mitengo. Tiyi saumitsidwa ndi dzuwa. Mafakitale amawotcha nkhuni zambirimbiri, nchifukwa chake maesiteti ali ndi nkhalango zaozao za bulugama. Mayi wa m'mudzi wa m'malire amaiona nkhalangoyo ali pakhomo pake, koma nsima amaphikira mapesi ndi zitsononkho. Ine ndinakulira m'malire a esiteti ina. Ndimakumbukabe tsiku limene azakhali anga anabwera opanda chikwanje, opanda chitenje chapamwamba, chifukwa mlonda anawalanda atawapeza ndi mtolo wa nthambi zouma. Agogo anangoti, "Thokozani kuti wangolanda chikwanje." Ndinali mwana, sindinamve tanthauzo la mawuwo. Lero ndimalimva.

Tisanamizane, ifenso a m'midzi tiri ndi mlandu. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, ndipo m'zaka zotsatira matipate tinalimeta mpala nkudzalamo chimanga ndi nthochi, andale akuombera m'manja poopa kutaya mavoti. Kachigawo kamene kanapulumuka kali m'manja mwa esiteti ya Satemwa, ndipo pamenepo ayenera kuyamikidwa. Komabe munthu sakwera phiri ndi khasu chifukwa chodana ndi mitengo. Amakwera chifukwa nthaka yabwino ya kuchigwa inatengedwa agogo ake asanabadwe. Thangata inathetsedwa m'malamulo mu 1962, koma malire a minda sanasunthe kwenikweni, ndipo anthu achuluka. Kwathu kuno nkwa chikamwini: kwa Alomwe ndi Amang'anja munda umatsata mayi. Choncho munda ukachepa, amene walandidwa cholowa ndi mwana wamkazi. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023 nakokolola minda ya m'mapiri opanda mitengo, amene anatsala ndi ana ndi makasu pa nthaka yoguga anali yemweyo.

Pali amene adzati ndaiwala zabwino. Sindinaiwale. Mu 2015 bungwe la eni tiyi la Tea Association of Malawi, pamodzi ndi Oxfam, IDH, Ethical Tea Partnership ndi ena, linayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kuti wothyola tiyi azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Mu 2016 eni minda ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana koyamba pangano la malipiro, chinthu chimene m'nthawi ya chipani chimodzi ukanangochilota ukanadzukira ku Mikuyu. Malipiro anakwera ndithu, chakudya cha masana chinakonzedwa. Koma 2020 inafika malipiro okwanirawo asanafikidwe, ndipo kugwa kwa kwacha mu 2022 ndi mu 2023 kunadya zambiri mwa zimene anthu anapindula.

Mantha anga ndi akuti ndalama zatsopano za mitengo zidzayenda njira yakale. Amayi adzaitanidwa kudzaza timachubu ta mbande, kukumba maenje ndi kuthirira, nauzidwa kuti ndi chitukuko chodzipereka. Akabwera alendo adzavina nkupatsidwa malaya olembedwa mawu okoma. Cheke chidzasainidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi anthu ovala mataye. Kugwira ntchito yaulere pa nthaka imene phindu lake adya ndi wina, makolo athu anali nalo dzina lake, ndipo ndalitchula kale pamwambapa.

Thyolo yatulutsa mapulezidenti awiri a dziko lino. Siingalephere kutulutsa amayi oyang'anira minda. Mayi amene wathyola tiyi masizoni atatu motsatana alembedwe ntchito yokhazikika, ndipo kulembanso anthu a sizoni kuchoke m'manja mwa kapitawo, kukhale kwa komiti imene theka lake ndi amayi osankhidwa ndi anzao. Midzi ya m'malire ipatsidwe masiku odziwika otola nkhuni zouma, poyera, ndi alonda aakazi pachipata. Ndalama iriyonse yobwera m'dzina la mitengo ilengezedwe pamsonkhano wa mudzi, osati m'lipoti la Chingerezi.

Ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene lamulo la 2013 linalipatsa udindo woona kuti lamulolo likutsatidwa, lifunse esiteti iriyonse chaka ndi chaka kuti akapitawo aakazi ndi angati, mamanijala aakazi ndi angati, madandaulo analandira angati ndipo anathera pati. Mayankhowo apachikidwe pa sikelo pomwe amayi amayezetsa masamba, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, mwezi wa December usanafike.