Mtengo wa Nyumba Umapangidwira mu Bajeti

Chaka ndi chaka nduna ya zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuwerenga ndondomeko ya chuma cha dziko, aphungu a mbali ya boma akumenya matebulo, a mbali yotsutsa akung'ung'udza. Ife kunjaku timatchera khutu pa wailesi kuti timve za feteleza, za misonkho ndi za malipiro. Za nyumba sitiyembekezera n'komwe, pakuti tinazolowezedwa kuganiza kuti pogona ndi nkhani ya munthu ndi thumba lake. Maganizo amenewo tikuwakana. Lendi imene bambo wa ku Mbayani amalipira, ndi khoma limene mayi wa ku Chinsapo walisiya lili pa mawindo kwa zaka zisanu, mtengo wake umakhazikitsidwa m'chikalata chomwecho chimene aphungu amaombera m'manja.

Tiyambe ndi mzere umene suwerengedwa mokweza. Bajeti ya 2024/25 inali ya K5.98 thiriliyoni, ndipo mwa ndalamazi pafupifupi K1.46 thiriliyoni zinaikidwa padera kuti zilipire chiwongoladzanja cha ngongole za boma. Tibwereze: chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Pa makwacha anayi alionse, imodzi inali itapita kale sukulu isanafoleredwe, mpopi usanakumbiridwe, msewu usanapalidwe. Gawo lalikulu la chiwongoladzanjachi limapita kwa obwereketsa a m'dziko momwe muno, makamaka mabanki, chifukwa boma likaperewera limathamangira kwa iwo.

Tsono dziikeni m'malo mwa mkulu wa banki. Kumanja kwanu kwaima boma, limene silithawa, silimwalira, ndipo likulonjeza phindu lonona. Kumanzere kwaima mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna ngongole ya zaka 15 kuti amange zipinda zitatu. Mudzasankha yani? Mu February 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amaonjezerapo chawo pamwamba. Tiyerekeze munthu wabwereka K20 miliyoni pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pa chaka, kapena kuti K500,000 pa mwezi, m'dziko limene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'chaka chomwecho anali K90,000. Ife amene tinaphunzitsidwa kuopa chiwongoladzanja sitinali pamzere wa ngongole yotereyo chiyambire, koma tisadzinamize kuti tapulumuka. Mwini nyumba amene anabwereka amachibisa mu lendi, wagolosale amachibisa mu mtengo wa sopo, ndipo boma limatilipiritsa kudzera mu msonkho. Tonse tikuchilipira, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Boma likamadya zoposa zimene latolera, ndalama yake imafooka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Wina anganene kuti dola ili kutali ndi munthu woumba zidina. Ili pafupi kwambiri. Chitsulo chopangira malata chimachokera kunja. Misomali, magalasi, mapaipi, mawaya a magetsi ndi dizilo wa lole yotuta mchenga, zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ngakhale simenti imene imapangidwa ku Kasungu ndi ku Mangochi imadalira makina ndi mafuta ochokera kunja. Munthu amene anasunga ndalama za malata 30 anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zikukwanira malata ochepera apo, iye osalakwa kanthu, osabedwa ndi wakuba aliyense amene angamuloze chala.

Nanga boma likakumbukira za nyumba limachita chiyani? Limapereka mphatso. Boma la a Peter Mutharika linabweretsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yoti olandira azibweza gawo la mtengo wake. Mabanja ena anagonadi m'nyumba zosadontha, ndipo sitingawachitire nsanje. Koma kubweza kunavuta, thumba silinadzadzenso, ndipo boma litasintha mu 2020 ndondomekoyo inazilala. Boma la a Lazarus Chakwera linalonjeza nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, oyang'anira ndende ndi ogwira ntchito zoona anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Amenewanso ndi ana a dziko lino, ndipo aliyense amene anaonako m'malaini a apolisi akudziwa kuti akufunikadi pogona pabwino. Komabe zonsezi ndi chikomekome cha nkhuyu. Mphatso imafikira amene dzina lake lalembedwa, pamene mtengo wa thumba la simenti umafikira aliyense. Dzanja limodzi likupatsa anthu owerengeka malata pamaso pa makamera, dzanja linalo likukwezera mtundu wonse mtengo wa malata omwewo mwakachetechete.

Bungwe la Malawi Housing Corporation lakhalapo kuyambira 1964. M'kalembera wa 2018 tinapezeka kuti tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, koma nyumba za bungweli zikuwerengedwabe m'masauzande ochepa. Zoona zake n'zakuti Amalawi amadzimangira okha, njerwa imodziimodzi, mwezi ukatha. Sapempha boma kuti liwamangire. Chimene sangathe kudzichitira ndicho kupima malo, kulambula msewu, kukumba ngalande, kukoka madzi ndi kupereka chikalata cha umwini. Imeneyo ndi ntchito ya boma ndi makhonsolo, ndipo imafuna ndalama zolembedwa mu bajeti. Ndalamazo zikasowa, anthu sasiya kubadwa kapena kubwera m'tauni. Amapita kumene malo ali otchipa: m'mphepete mwa mitsinje, m'madambo ndi m'mapiri.

Zotsatira zake tinaziona mu March 2023. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Dziko lonse linataya anthu oposa 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Panamveka mawu odzudzula akuti anthuwo anamangiranji m'phiri. Funso limenelo n'lopepuka kwa munthu amene ali ndi puloti ya mpanda ku Namiwawa. Tifunse lina: kodi ndi puloti iti yopimidwa, ya madzi ndi msewu, ya mtengo woti mlonda kapena wogulitsa makala angaikwanitse, imene anthuwo anaikana? Ndalama zimene sizinapezeke zokonzera malo zinadzapezeka zogulira matenti ndi mabokosi a maliro.

Tikudziwa yankho la akuluakulu a ku Capital Hill. Adzati thumba ndi lochepa, njala ili pakhomo, ndipo nyumba sidyedwa. N'chifukwa chake feteleza wa AIP anapatsidwa pafupifupi K160 biliyoni m'chaka chake choyamba. Sitikunyoza chimanga, tonse timadya nsima. Koma kuika nyumba m'gulu la zinthu zongodya ndalama ndi kulakwitsa masamu. Nyumba imodzi ikamamangidwa, mmisiri amalandira, kalipentala amalandira, wowotcherera mafelemu amalandira, mnyamata woponda matope ndi mayi wotunga madzi amalandira, ndipo madzulo onsewa amakagula pamsika wa m'dera lomwelo. Ndi ntchito zochepa zimene zimalemba achinyamata osapita patali ndi sukulu mochuluka chotere. Nyumbayo ikatha, khonsolo imatolerapo msonkho chaka ndi chaka, ndipo banja limene lasiya kulipira lendi limapeza mpamba wa geni ndi fizi ya ana. Ife ophunzitsa timaonanso mbali ina: mwana amene timamuzolowera amangosowa pakati pa chaka, tikafunsa n'kumva kuti lendi inakwera ndipo banja linasamukira kutali. Mwana wosamuka katatu pa zaka ziwiri amayambiranso katatu.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anaika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, pamodzi ndi ulimi ndi mafakitale. Nsanamira imeneyo tikuifunafuna m'mabuku a bajeti. Nduna ikamazungulira ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kumva maganizo bajeti isanalembedwe, m'zipindamo mumadzaza eni makampani ndi mabungwe, aliyense kudandaula za msonkho wake. Wochita lendi sakhalamo. Tikupempha aphungu athu, makamaka a m'mizinda, kuti chaka chino afunse nduna mafunso atatu ndipo asakhale pansi asanayankhidwe: boma libwereka ndalama zingati m'mabanki a m'dziko muno, msonkho wa pa simenti ndi malata ukhala wotani, ndipo ndi mapuloti angati a madzi ndi msewu amene makhonsolo apatsidwa ndalama zoti akonze chaka chisanathe.